Dzino lisanazulidwe, wina ayambe wayang'ana mkamwa monse

Kuno ku chigwa cha Shire munthu akafika pa chipinda cha mano sanena kuti ndabwera kudzapimitsa ayi. Amangoti "ndabwera kudzazulitsa," chala chili kale mkamwa kuloza dzino lomwe lamusowetsa tulo. Ine si dokotala, ndimangothandizira m'chipinda chimenechi pa chipatala china chakuno, ntchito yanga ndi kutsuka zida, kuziphika, kupukuta mpando, kuitana mayina pa layini, ndi kugwira mutu wa mwana akamaphiriphitha. Nde poti ndimakhala pakona pomwepo tsiku ndi tsiku, ndimaona zinthu zomwe zimandidya mumtima, ndipo ndaona kuti bola ndizilembe kuti anzanga a ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Marka uko tikambirane.

Sikuti ndikuwanena anthu. Munthu wochokera ku East Bank, kapena kwa Chapananga, kapena kwa Nyachikadza komwe mpaka akwere kaye bwato, sangataye ndalama ya kabaza kuti angodzayasamula wina aonemo basi. Amapirira. Amayamba ndi panado, kenako bufeni, kenako makapusozi awiri atatu ogula pa okala, ululu ukazilala iye nkumati ndachira, osadziwa kuti mtsempha wa dzinolo wangofa ndipo mafinya ayamba kusonkhana kunsi kwa muzu. Ena amaphwanya asipulini nkuika pa nkhama, amafika nkhamazo zitayera mbuu chifukwa zapsa. Ena fodya. Ena, ndipo izi ndaziona ndi maso angawa, amaviika kathonje mu asidi wa batire ya galimoto kapena m'mafuta a mabuleki nkukalowetsa pa bowo. Pofika kwa ife dzino latsala chigoba chokha, tsaya latupa, ndipo zoona, palibenso china chochita koma kuzula.

Mu 2013 munachitika kafukufuku wa mano wa dziko lonse la Malawi, anayang'ana mkamwa mwa anthu 5,400. Anapeza kuti anthu 37 pa 100 aliwonse anali ndi mano oola, ndipo kwa akuluakulu a zaka 35 kupita mtsogolo anali pafupifupi theka. Anthu 35 pa 100 anali atataya kale dzino limodzi kapena angapo. Koma omwe anali ndi dzino lomata sanafike ndi 7 pa 100 omwe. Manambala atatu amenewa mukawaika pamodzi akunena zomwe ine ndimaona pa layini yathu, dziko lathu limazula, silimata. Ndipo si chifukwa choti mano a Amalawi ndi osamatika, koma chifukwa palibe yemwe amawaona bowo likadali laling'ono.

Bowo la dzino silibwera usiku umodzi, limatenga miyezi mwina zaka, ndipo nthawi yonseyo silipweteka, mwina kungonyerenyesa ukamwa madzi ozizira. Agogo athu amati muli kachilombo kakudya dzino, ndipo sanaphonye kwenikweni, kungoti si nyongolotsi yoti nkuitulutsa ndi utsi monga ena amanamizira anthu. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timakhala mu litsiro lomata pa mano lija, tikalandira shuga timatulutsa asidi, asidiyo nkumasungunula dzino pang'onopang'ono. Chomwe chimapha mano si kuchuluka kwa shuga kokha koma kubwerezabwereza. Ndi kutentha kwa kuno, mwana amayamwa fizesi pa buleki, wina poweruka, masana nzimbe, madzulo tiyi wa masupuni atatu, nde mkamwa simupuma, malovu sapeza mpata wokonza zomwe asidi wawononga. Chinanso chomwe makolo ambiri sadziwa, chitsakano choyamba chachikulire chimamera mwana ali ndi zaka 6, kumbuyo kwenikweni, popanda dzino lililonse kuguluka. Mayi amachiona chikuda nkumati asiyeni ndi la mkaka ligweluka lokha. Siligweluka, limenelo ndi la moyo wonse, ndipo ndi lomwe timazula kwambiri kwa ana a sitandade 5 ndi 6.

Anthu amati kumata kumafuna makina ndi magetsi, kuno sizingatheke. Koma pali njira ina yomwe inayambira kwa aneba athu ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, amaitchula ART, kenako anaiyesa bwinobwino ku Thailand ndi ku Zimbabwe. Munthu wophunzitsidwa amakokota zoola zija ndi kachitsulo ka pamanja, opanda makina oboolera, nkumatapo phala lotchedwa glass ionomer lomwe limagwira dzino komanso limatulutsa fluoride, mankhwala olimbitsa mano, pang'onopang'ono. Zimatheka pa tebulo la mkalasi. Ofufuzawo sanangomata nkumapita, anabwerera patapita chaka, zaka ziwiri, zitatu, kukawerenga kuti omata aja atsala angati, ndipo anapeza kuti pa mabowo ang'onoang'ono a mbali imodzi zimakhalitsa ndithu. Mu 2021 WHO, nthambi ya zaumoyo ya dziko lonse lapansi, inaika phala limeneli, pamodzi ndi mankhwala otsukira mano a fluoride komanso silver diamine fluoride wopaka pa dzino kuti lisapitirire kuola, pa mndandanda wa mankhwala ofunikira omwe dziko lililonse liyenera kukhala nawo. Ine ndikamva mawu oti kafukufuku wa mano ndimaganiza zimenezi, osati za anthu ovala makoti oyera kutali uko. Wina anafunsa kuti kumalo kopanda magetsi tingapulumutse bwanji dzino, anayesa, anawerenga, yankho nkupezeka.

Tsopano za mano ofiira. Aliyense wokulira kuno akudziwa midzi ina komwe ana ambiri mano awo ali ndi mawanga oyera ngati choko kapena mizere ya bulawuni. Ku sukulu amasekedwa kuti satsuka mkamwa. Kunabwera mtsikana wina wa ku sekondale ndi azakhali ake, nkhama zili magazi okhaokha, mano akutsogolo atakalikakalika, kumufunsa akuti ndimakwecha ndi mchenga ndi makala mmawa uliwonse kuti ayere. Adokotala anamuuza kuti mwana wanga siya, utotowo suli pamwamba, uli mkati mwa dzino, unalowa uli wamng'ono mano asanamere. Analira. Ndipo ine ndinamumvetsa, chifukwa zaka zonsezo ankadziona ngati ndi wauve.

Vuto limenelo ndi fluoride wochuluka m'madzi akumwa. Chigwa chathuchi chili kumapeto kwa chigwa chachikulu chija chotsika kuchokera kumpoto chakum'mawa kwa Africa, miyala ya pansi ndi madzi otentha a pansi panthaka zimapangitsa kuti mijigo ina ikhale ndi fluoride wambiri, ndipo ofufuza, kuphatikizapo a University of Strathclyde ya ku Scotland, akhala akuyeza madzi a kum'mwera kuno nkupeza zimenezo. Fluoride wochepa amalimbitsa mano, nchifukwa chake ali mu kolugeti. Akachuluka m'madzi omwe mwana akumwa asanakwane zaka 8, nthawi yomwe mano akuumbika mkati mwa nsagwada, amawaononga maonekedwe, ndipo akachulukitsitsa kwa zaka zambiri amafika ndi ku mafupa. WHO imati asapitirire 1.5 mg pa lita imodzi. Muyezo wa Malawi wa madzi a pa mjigo unaikidwa pa 6 mg. Kusiyana kumeneku ine kumandiwawa, chifukwa mjigo utha kukhoza mayeso a boma koma ana omwa pamenepo mano nkumafiirabe. Komanso fluoride samveka mkamwa, si ngati mchere uja timaumva m'mijigo ina ya kuno, ndipo kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Mjigo wina uli bwino, wina wa mudzi woyandikana nawo uli ndi vuto, njira yodziwira ndi kuyeza basi. Mano a ana a sukulu ndi omwe angatilozere mijigo yoyamba kuyeza, bola wina atawayang'ana nkulemba kuti mwana aliyense amatunga kuti.

Koma chomwe chandipangitsa kulemba zonsezi ndi china, ndipo apa ndichedwapo. Si kutupa kulikonse kwa tsaya komwe kuli dzino.

Tsiku lina kunabwera mayi ndi mnyamata wa zaka ngati 7, tsaya lakumanja litatupa mpaka diso kuyamba kufinyika. Anati zayamba masabata awiri apitawo ndipo zikukula tsiku ndi tsiku. Anali atamwa kale makapusozi, atapitanso kwa asing'anga kukatemera. Mayiwo anali atatopa, anangoti, "Adokotala, ingomuzulani mwanayu apume, mano akewo akugwedera kale." Ndipo zoona zitsakano zinkagwedera, zitatu zonse mbali imodzi. Kukanakhala kothamanga, layini ili panja mpaka pa mtengo wa nimu, zinali zophweka kubaya jakisoni wa dzanzi nkuzula. Adokotala anatenga kagalasi kaja, anayang'ana dzino lililonse, palibe bowo ngakhale limodzi. Anagogoda, mwana sakudumpha. Anakhudza chotupacho, cholimba, chosatentha, chopanda mafinya. Anamugoneka nkumupapasa pamimba ndi m'khosi. Kenako anakhala pansi nkunena kuti, "Mayi, mano awa alibe mlandu. Pali chinthu chikukula mu fupa ndiye chikuwakankha. Ndikazula ndingomuonjezera bala. Mwanayu akuyenera kukwera ku Queens, osati sabata yamawa, mawa lomweli."

Mayi aja anakhumudwa, ndinawaona nkhope. Anabwera kudzachotsa dzino, akuuzidwa za Blantyre, kukwera Thabwa, ndani asamale ana ena kunyumba, adya chiyani kumeneko. Koma anapita. Patadutsa miyezi anadzera kudzatipatsa moni, mnyamata tsitsi litathothoka ndi mankhwala koma nkhope itabwerera, akudya chimanga chootcha ndi mano omwe aja.

Matenda amenewo ndi khansa ya ana yotchedwa Burkitt lymphoma, ndipo mbiri yake ikutikhudza ife a ku chigwa kuposa mmene ambiri tikudziwira. Denis Burkitt anali dokotala wa maopaleshoni pa chipatala cha Mulago ku Kampala, ndipo mu 1958 analemba za ana omwe ankabwera ndi zotupa za nsagwada. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto mtunda wautali kuzungulira zipatala za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ndi kuno komwe nthawi imeneyo kukutchedwa Nyasaland, akungofunsa kuti kodi ana otere mumawaona, amachokera kuti. Ataika pa mapu anaona kuti matendawa amakonda malo otsika, otentha, a chinyontho, m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, pomwe kumapiri ozizira ndi osowa. Malo omwewo ndi omwe malungo amasautsa chaka chonse. Mu 1964 kachilombo ka Epstein-Barr kanapezeka mu zotupa zomwezi, ndipo lero zikudziwika kuti kachilomboka ndi malungo obwerezabwereza zimathandizana kuyambitsa khansayi. Tangoganizani za kuno, m'mbali mwa Shire, ku Elephant Marsh, ku Ndindi, udzudzu wake uja. Khansayi imakula mwachangu kwambiri, chotupa chitha kuwirikiza pa tsiku limodzi kapena awiri, koma ndi imodzinso mwa zomwe zimamva mankhwala zikapezeka msanga. Nde sabata imodzi yotayika chifukwa wina wazula dzino nkunena kuti mubwerenso kutupa kukapanda kuphwa, ndi sabata yodula zedi.

Pali zinanso zomwe mkamwa mumaulula thupi lisananene. Zoyera zija zomata pa lilime ndi m'masaya zomwe ukapukuta pamatsala pofiira, kwa khanda sizodabwitsa, koma kwa munthu wamkulu zimafunsa kuti chitetezo cha mthupi chili bwanji, ndipo adokotala abwino amamupempha munthu mwaulemu kuti akayezetse magazi ndi shuga yemwe. Mawanga ofiirira akuda kumwamba kwa kamwa atha kukhala khansa ya Kaposi. Anthu angapo anadziwira m'chipinda chathu chomwechi kuti akufunika kuyamba ma ARV, atabwerera dzino. Nkhama zotuluka magazi ndi mano ogwedera kwa munthu wa zaka 40 nthawi zambiri zimayenda ndi matenda a shuga osadziwika. Ndipo chilonda cha pa lilime kapena pansi pa lilime chomwe chadutsa masabata awiri atatu osapola, makamaka kwa bambo wosuta chingambwe ndi kumwa kachasu, kapena agogo oika fodya kunsi kwa mlomo, chimenecho si cha kuthira mchere ndi kudikira, chimafunika kukadulako kanyama akakapime. Khansa ya mkamwa poyamba sipweteka, ndiye anthu amabwera itafika kale m'khosi.

Ana onyentchera nawo ali ndi lawo. Kukachitika njala kapena madzi osefukira monga a Freddy mu 2023, anthu ali m'makampu, ana akudya mosakwanira, chikuku chikuyenda, pali matenda otchedwa noma omwe amayamba ngati kachilonda ka pa nkhama ndi fungo loipa mkamwa, pakangopita masiku tsaya laboola. Amagwira kwambiri ana a zaka 2 mpaka 6, ndipo popanda chithandizo ambiri amamwalira, chonsecho poyambirira mankhwala wamba opha tizilombo, kutsuka mkamwa ndi chakudya zimawaimitsa. Mu December 2023 WHO inawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha. Ine pempho langa kwa azaumoyo oyeza ana sikelo ndi loti mukamayeza mkono ndi kalamba kaja, muzimuyasamulitsanso mwanayo. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe.

Ndipo wina aliyense amene dzino lamutupitsa kunsi kwa chibwano mbali zonse, lilime likukwera, akulephera kumeza malovu kapena kutsegula pakamwa, ameneyo asadikire kuti kuche. Mafinya a dzino amatha kutseka njira ya mpweya. Anthu amafa ndi dzino, sinkhambakamwa.

Tsopano ndibwere ku dipatimenti yanga, ya zida. Anthu pa layini amakwiya kwambiri ndikatuluka nkunena kuti dikirani kaye zida zili pamoto. Bambo wina anandiuza kuti, "Achemwali, mukutichedwetsa dala, ingotsukani ndi sopo mutizule tizipita, dzuwa lakwera." Ndinawamvetsa, anali atachoka kwawo nkhuku zisanatsike. Koma ndikufuna mudziwe zomwe zimachitika kuseri kwa chitseko chija.

Chozulira dzino chikachoka mkamwa mwa munthu chimakhala ndi magazi, malovu, tizidutswa ta fupa, makamaka pa mfundo pomwe chimapindikira ndi m'timizere ta kukamwa kwake. Ndimavala magolovesi okhuthala aja, osati opyapyala, epuloni ndi zoteteza maso, nkuchitsegula, kuchikwecha ndi kaburashi m'madzi a sopo chili pansi pa madzi kuti zisandithovukire kumaso. Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Magazi akaumira pa chitsulo amakhala ngati nkhoko za mumphika, ndipo nthunzi singafike kunsi kwake, tizilombo timabisala momwemo ngakhale uphike bwanji. Ndikatsukuluza ndimaumitsa, kuyang'ana pa kuwala chimodzichimodzi, kukulunga, kumata kathepi kapadera pamwamba, nkulowetsa mu autoclave, makina ophikira zida ndi nthunzi. Mmenemo nthunzi yopanikizidwa imafika madigiri 121, ndipo zida zokulunga zimakhala mphindi 30 kuwerengera pomwe kutenthako kwafika, osati pomwe wayatsa. Makina ena amafika 134 nkutha msanga. Madzi owira pa mbaula amathera pa 100, amapha zambiri koma pali tizilombo tina tokhala ndi chikhokho, monga ta kafumbata, tomwe timapulumuka. Zikapsa kathepi kaja kamatuluka mizere yakuda, ndiye uzidikirenso ziume ndi kuzizira, chifukwa phukusi lonyowa limakoka tizilombo kuchokera panja. Zonsezi pamodzi ola limakwana. Ngati chipinda chili ndi zozulira zochepa ndipo anthu ali 40, muwerengere nokha.

Ambiri amaopa HIV, ndipo nkoyenera, koma chomwe ife timaopa kwambiri ndi hepatitis B, matenda a chiwindi aja. Kachilombo kake kamapatsirana mosavuta kuposa HIV kutalitali, ndipo kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma pa chitsulo kapena pa tebulo kwa masiku 7 kapena kuposa. Munthu amakatenga lero, osamva kanthu, patapita zaka 20 mimba yatupa, maso achikasu, achibale nkumati amulodza, palibe angakumbukire dzino lomwe anazulitsa pa msika. Ana obadwa kuyambira 2002 analandira katemera wake ku sikelo, koma akuluakulu ambiri sanalandire. Nchifukwa chake zimandipweteka ndikamva kuti kuli anthu oyenda m'misika ndi m'midzi ndi pulayala m'chikwama, kuzula uyu, kupukuta pa kansalu kapena kuviika mu sipiliti, nkuzula wina. Sipiliti satsuka chida cholowa m'magazi. Ndipo nthawi zambiri amathyola dzino muzu nkutsala, munthu amabwerabe kwa ife patapita sabata ali ndi mafinya, ndalama atalipira kale.

Musaganize kuti malamulo a ukhondowa anangogwa kumwamba. Ngakhale kumaiko olemera madokotala a mano ankagwira mkamwa ndi manja opanda magolovesi mpaka m'zaka za m'ma 1980. Cha m'ma 1990 ku Florida ku America kunapezeka kuti odwala 6 anatenga HIV yofanana ndi ya dokotala wawo wa mano, nkhaniyo inagwedeza dziko, ndipo kuyambira nthawi imeneyo anakhwimitsa zoti magolovesi asinthidwe pa munthu aliyense, singano ndi kabotolo ka mankhwala a dzanzi zikhale za munthu mmodzi, ndipo ngakhale kamakina koboolera dzino kaziphikidwa pakati pa wodwala ndi wodwala chifukwa ofufuza anaonetsa kuti kamayamwira malovu ndi magazi mkati. Lamulo lake ndi loti aliyense umutenge ngati ali ndi kachilombo, kaya ndi abusa kaya ndi mwana, chifukwa nkhope siuza.

Vuto lathu kuno ndi magetsi ndi madzi. Namondwe Ana atawononga damu la magetsi la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ife okhala pafupi ndi damulo tinali mumdima ngati wina aliyense. Autoclave yamagetsi imangokhala chitsulo. Masiku otero umasankha, kubweza anthu omwe ayenda mtunda ndi ululu, kapena kuchita zachidule. Ine ndimaima pa kubweza, kapena kuthandiza okhawo omwe zida zophika kale zikwanire, ena apatsidwe opha ululu abwere mawa, ngakhale anditukwane. Ululu wa dzino usiku umodzi ndi woopsa, ndikudziwa, koma sungafanane ndi matenda a chiwindi a moyo wonse omwe munthu sanabwere nawo. Komanso ma autoclave osafuna magetsi alipo, okhala ngati mphika wotseka ndi zomangira, oika pa gasi kapena pa mbaula ya parafini, ndipo chipatala chilichonse cha kumudzi chomwe chimazula mano chimayenera kukhala ndi umodzi wosungira tsiku loipa. Inu odwala muli ndi ufulu wofunsa. Onani ngati phukusi la zida alitsegula inu mukuona, ngati singano yachoka mu pepala lake, ngati magolovesi ndi atsopano. Wogwira ntchito yake bwino sakwiya ndi funso limenelo, ine ndimasangalala nalo.

Zinthu zikusuntha pang'ono, tisaname. Kwa zaka zambiri Malawi analibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano a digiri, madokotala omwe analipo anali ochepa zedi ndipo anaphunzira kunja, ntchito yonse m'maboma inali pa mapewa a ma dental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo mpaka lero ndi iwowo omwe akutinyamula kuno. Mu 2019 College of Medicine, yomwe pano ili mu yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, inayamba digiri ya za mano mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu pulojekiti ya MalDent ya ndalama za boma la Scotland, ndipo mu 2022 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko ya umoyo wa mkamwa. Ndi zinthu zabwino. Koma ndondomeko imayenda ndi manambala, ndipo manambala a 2013 aja ndi a dziko lonse komanso akalamba, sangakuuzeni za mwana wa ku Makhanga kapena wa ku Ngabu.

Chikwawa si yachilendo ku kafukufuku. A Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akugwira ntchito kuno zaka zambiri, za malungo zafufuzidwa mpaka m'midzi yozungulira Majete, anthu akudziwa kusaina fomu, akudziwa kufunsa kuti magaziwa mukupita nawo kuti. Nde chomwe ndikupempha ophunzira atsopano a za manowa ndi choti posankha kokachitira kafukufuku wawo atsike Thabwa, asamangothera m'masukulu a mu Blantyre poti ndi pafupi. Mafunso alipo ambirimbiri ongodikira. Ndi ana angati a zaka 12 kuno ali ndi mano oola, ndipo a pafupi ndi minda ya nzimbe akusiyana bwanji ndi a kutali. Ndi mijigo iti ikufiiritsa mano. Pa ana otupa nsagwada omwe amafika ku Queens, ndi angati anayamba azulidwa dzino, ndipo anataya masabata angati. Ma autoclave a m'zipatala zing'onozing'ono akufikadi pa 121 kapena akungotentha, zomwe zimayezeka ndi timabotolo ta tizilombo toyesera tomwe umaphika limodzi ndi zida nkuona ngati tafa. Funso lomalizali ndi lomwe ine ndingakonde kuyankhidwa kuposa onse, chifukwa kathepi kaja kamangondiuza kuti phukusi linalowa pa moto, sikandiuza kuti zonse zafa.

Akabwera adzere kwa amfumu ndi ku komiti ya sukulu, afotokoze mu Chisena ndi Chimang'anja chomveka, chifukwa tonse tikukumbuka mphekesera za anamapopa za 2017 ndi mmene zinavutira kum'mwera kuno, munthu wobwera ndi magolovesi ndi zitsulo kwa ana popanda kufotokoza akudziitanira mavuto. Kafukufuku aliyense wa pa anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga mbali, kholo lili ndi ufulu wokana, ndipo kukana sikuchotsa mwana pa mndandanda wa chithandizo. Mwana amene amupeza ndi bowo asangolembedwa pa fomu nkusiyidwa, amumate pompo kapena amulembere kalata. Zida zoyang'anira zibwere zokwanira mwana aliyense chake, zophika kale, osati kagalasi kamodzi koviika mu beseni kalasi yonse. Ndipo zotsatira zikatuluka zisakathere mu ripoti la Chingerezi ku Lilongwe, abwerere pa bwalo lomwelo adzanene kuti mjigo wa pa sukulu tinaupeza chonchi, wa kwa amfumu chonchi, ana ang'onoang'ono azimwa wa uku, wa ukowo muzichapira ndi kusamba.